BANJA LA AKADZIDZI KU CHALIMBANA

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wa Great East amayenda makilomita pafupi-fupi 50 kuti afike ku Chalimbana, m'boma la Chongwe, m'dziko la Asoli lolamulidwa ndi Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Malowa anachuka kale cifukwa ca maphunziro. Sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes inasamukira kumeneko m'caka ca 1939 kucokera ku Mazabuka, pambuyo pake inakhala koleji yosulirako aphunzitsi amene ali kale pa nchito, ndipo lero ndi yunivesite. Kuzungulira sukuluyo kuli midzi, mapulazi ndi minda ya cimanga, ndipo kamtsinje ka Chalimbana kamadutsa pakati pake popita kukathira m'Chongwe.

Masana malowa ndi a ophunzira, alimi ndi anyamata a njinga zonyamula makala. Dzuwa likapendeka, nkhuku zitalowa m'khola, eni ena amatulukira. M'mitengo ikulu-ikulu imene inatsala m'mbali mwa mtsinje ndi kuseri kwa nyumba zakale mumamveka mau awiri akuya, kenaka mau atatu oyankha kucokera mumtengo wina. Woyambayo ndi kadzidzi wamwamuna, woyankhayo ndi mkazi wake.

M'Zambia muli mitundu ya akadzidzi yoposa khumi, koma wozolowera kukhala pafupi ndi anthu m'dera lotere ndi uja wotuwa wamawanga-mawanga, wa maso acikasu, wotalika ngati masentimita 45. Pamutu pake pali timiyoko tiwiri tooneka ngati nyanga. Nthano ya agogo imati mbalame zonse zinamuopa ndi kumulonga ufumu cifukwa ca nyangazo, kufikira kambalame kena kolimba mtima kanazikhudza ndi kupeza kuti ndi nthenga cabe. Pamenepa nthano inanena zoona: si nyanga, ndiponso si makutu. Makutu enieni ali m'mbali mwa nkhope, obisika ndi nthenga.

Moyo wa banja la mbalamezi umayamba m'cilimwe, makamaka pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. Kadzidzi samanga cisa. Amasankha mphako, mphanda yaikulu ya mtengo, mpata wa pakati pa miyala, kapena pamwamba pa cisa cakale ca nanchengwa, ndipo mkazi amaikira pomwepo mazira oyera, kawiri-kawiri awiri kapena atatu. Amawafungatira kwa masiku ngati 30 osacokapo kweni-kweni, ndipo nthawi yonseyi wamwamuna ndiye amasaka ndi kumubweretsera cakudya. Ana amaswedwa ali ndi ubweya woyera, maso ali otseka. Masiku oyamba mai amang'amba nyama m'tizidutswa ndi kuwapatsa kukamwa mmodzi-mmodzi, mofatsa kotero kuti woonerera amaiwala kuti mlomo womwewo ndi umene unathyola khosi la khoswe. Akakula pang'ono amameza mbewa yathunthu, kuyambira kumutu, mcira ndi kutsala ukulendewera pakamwa.

Nthawi yoopsa imafika ana akakwanitsa milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Amatuluka m'cisa asanadziwe kuuluka, nayamba kuyenda pansi ndi kukwera m'nthambi zazifupi ndi zikhadabo. Apa ndi pamene ana a m'mudzi amawapeza. Kamwana kakaona munthu kamafufumitsa nthenga, kutambasula mapiko ndi kuomba mlomo kuti kha! kha! ndipo amene sakudziwa amathawa kapena kutola mwala. Ena acifundo amakatola, poyesa kuti ndi kamasiye. Koma makolo amakhala ali pafupi, akuyang'ana ali mumtengo, ndipo mdima ukagwa amatsika kudzakadyetsa. Cofunika ndi kumanga agalu, ndipo ngati kali panjira, kukaika panthambi yapafupi ndi kucokapo. Pa milungu isanu ndi iwiri kamayamba kuuluka.

Palibe cifukwa cobisira kuti m'nyumba zambiri kadzidzi ndi mbalame yoopedwa. Akalira padenga, akulu amati kukubwera maliro, kapena kuti mfiti yamutuma. Wina amaponya cikuni ca moto, ndipo m'mawa anyamata amamulondola ndi malegeni. Mantha amenewa ndi akale ndipo si a anthu opusa. Mbalame youluka popanda phokoso, yoona mumdima, yotembenuza mutu ngati ilibe mafupa, singalephere kudabwitsa. Komabe ciri conse mwa izi ciri ndi cifukwa cake. Maso a kadzidzi sayenda m'mabowo ao monga a munthu, conco amatembenuza mutu wonse. Khosi lake liri ndi mafupa 14 pamene la munthu liri ndi 7, ndipo amatha kuzungulitsa mutu magawo atatu mwa anai a mzungulire wathunthu. Nthenga za mapiko ake ndi zofewa ndiponso za mano-mano m'mphepete, kotero kuti mphepo imadutsa mwakacetecete ndipo mbewa simumva akubwera. Denga amalikonda popeza ndi pamalo okwera poonera makoswe a pabwalo. Ndipo nyumba imene muli wodwala ndiyo imakhala ndi anthu ocezera usiku wonse, nyale ikuyaka ndi kuitana tizilombo touluka. M'nyumba za anthu amoyo kadzidzi amaliranso, koma onse amakhala ali mtulo.

Masiku ano, pamene mafoni okhala ndi kamera afika m'midzi, mwana wa sukulu angathe kucita zimene kale zinali za alendo a makamera odula. Kujambula kadzidzi kumafuna kudekha koposa cida. Masana mbalameyi imakhala duu pafupi ndi thunthu la mtengo, maso atatsinzina, mtundu wake wofanana ndi khungwa, ndipo munthu angadutse pansi pake caka cathunthu osaiona. Imaululidwa ndi zitosi zoyera pansi pa mtengo, ndiponso ndi phokoso la apumbwa ndi anthengu amene amaizinga ndi kuilalatira akaipeza. Nthawi yabwino ndi madzulo dzuwa litatsala pang'ono kulowa, kapena mbandakuca. Wojambula akhale pansi patali, pa malo amodzi-modzi tsiku ndi tsiku, atavala zovala zosawala, kufikira mbalame zitamuzolowera ngati citsa. Asakwere mumtengo wa cisa, asadule nthambi kuti cithunzi cioneke bwino, ndipo asawalitse toci kapena kuwala kong'anima kwa kamera m'maso mwa mbalame. Mai akayamba kuomba mlomo kapena kuuluka cotsika pamutu, ndiye kuti munthu wayandikira kwambiri. Zikhadabo zake zimang'amba khungu. Cithunzi cakutali cooneka mwacimbuuzi ciposa cithunzi cokongola ca cisa cimene makolo acithawa. Ndi nzerunso kusaulutsa kwa aliyense pamene pali cisa.

Amene alibe kamera ali ndi umboni wina pansi pa mtengo. Kadzidzi sagaya ubweya ndi mafupa. Amazilavula ngati timibulu totuwa, totalika ngati cala. Kambulu kouma kakaphwanyidwa ndi kamtengo, mumatuluka zigoba za nkhululu ndi zikumbu, nsagwada za makoswe ndi timitu ta mbewa tokhala ndi mano ake onse. Magulu a Chongololo, amene akhala akuphunzitsa ana a sukulu za cilengedwe kuyambira m'ma 1970, sangapeze phunziro lochipa kuposa limeneli.

Pa nkhani ya mbewa katswiri weni-weni ndi kadzidzi wina, wa nkhope yoyera yooneka ngati mtima, amene amagona m'masiling'i a masukulu, m'machalichi ndi m'nyumba zosungiramo mbeu. Iyeyu salira kuti huu. Amakuwa mau aatali okanda m'makutu, ndipo mwina ndiye anaipitsa mbiri ya abale ake onse. Makutu ake sali pa mzere umodzi, lina liri m'mwamba pang'ono, ndipo zimenezi zimamuthandiza kudziwa peni-peni pamene pacokera phokoso. Wasayansi wa ku America, Roger Payne, anasindikiza m'caka ca 1971 zofufuza zake zoonetsa kuti mbalameyi imagwira mbewa m'cipinda ca mdima wa ndiweyani pongomva kuswatata kwa masamba. Wamkulu mmodzi amadya mbewa zitatu kapena zinai usiku umodzi, ndipo cisa cimakhala ndi ana anai, asanu kapena kuposerapo, osiyana misinkhu popeza mazira amaikiridwa modumphitsa masiku. Cakudya cake cacikulu kuno ndi kapuku, kambewa kobereka ana ambiri kamene kamafukula mbeu zongobzalidwa ndi kulowa m'nkhokwe. Anyamata okumba mbewa za ndiwo angadandaule kuti ali ndi mpikisano, koma mwini nkhokwe alibe mlandu ndi mbalameyi.

Maiko ena anazindikira zimenezi kale. Ku Israel alimi anayamba kukhoma mabokosi a akadzidzi m'minda m'caka ca 1983, ndipo nchitoyo inafalikira kwa anansi ao a ku Jordan ndi Palestine. Ku Malaysia mabokosi otere ali m'minda ya kanjedza wa mafuta. Ku Alexandra, mu mzinda wa Johannesburg, akadzidzi anaikidwa m'masukulu kuti acepetse makoswe, ndipo kumeneko nakonso nchito yaikulu inali kulankhula ndi makolo amene anali ndi mantha ofanana ndi a kuno.

Adani a banja la kadzidzi si malegeni okha. Khoswe wodya mankhwala a ciphe safa pomwepo. Amayenda modzandira, kadzidzi amamugwira mosavuta, ndipo ciphe cimafika mpaka kwa ana m'cisa. Pa mseu wa Great East, akadzidzi amatera pa tala usiku kusaka tizilombo, nyale za magalimoto ndi kuwathobwa m'maso. Koma cacikulu ndi mitengo. Mphako imapezeka mumtengo wakale, ndipo mtengo wakale ndi umene wootcha makala amayamba kuuyang'ana. Anthu a m'mbali mwa Chalimbana akudziwa bwino mtengo wake wa nkhwangwa. Mtsinjewu umayambira m'nkhalango ya boma ya Lusaka East, ya nambala 27, imene inatetezedwa m'caka ca 1957. Citetezo citacotsedwa mu 1983 mitengo inagwa ndipo madzi anacepa, kufikira anthu anadandaula ndipo nkhalangoyo inatetezedwanso mu 1996. Pakati pa 2017 ndi 2019 zigawo zina zinapatulidwanso kuti pamangidwe nyumba, ndipo nkhaniyo inafika m'makhoti.

Mitambo ikayamba kusonkhana, nyengo imene Asoli amacita mwambo wa Chakwela Makumbi wopempha mvula, ana a kadzidzi amakhala ataphuka nthenga zeni-zeni. Amayamba ndi kugwira ziwala ndi inswa, mophonya-phonya, akutsatabe makolo ndi kulira kopempha cakudya kwa milungu ina ingapo. Pambuyo pake amabalalika, aliyense kukafuna dera lake. Makolo amatsala, popeza mwamuna ndi mkazi amakhalira limodzi zaka zambiri, ndipo cilimwe cotsatira amaikiranso mazira pa malo omwewo.