Moto wa ku Ndirande umagulidwa pamulu

Ukatsika minibasi pamsika wa Ndirande m'mawa wa mwezi wa June, chiperoni chitakuta Blantyre, njinga za makala zimakhala zitafika kale. Anyamata ozikankha amanyamuka usiku, matumba atasanjikizana pakaliyala, lililonse atalilukira chisoti cha timitengo ndi luzi. Makala ambiri a mumzindawu amachokera mbali za Neno ndi Mwanza, poti phiri la Ndirande, lomwe likuoneka kuseri kwa nyumbazi, linametedwa mpala kalekale.

Ndinaima nthawi yaitali pamene amayi amagulitsa makalawo. Ogula thumba lathunthu ndi owerengeka. Ambiri amaloza kamulu kapena kajumbo, kokwanira nsima ya masana ndi madzi osamba a mwana. Mawa adzabweranso, ganyu akayenda. Yense wofuna kusintha kaphikidwe ka m'dziko muno ayambe waima pamenepa, chifukwa banja la kuno limagula moto ndi ndalama ya tsiku lomwelo.

Kulowa m'tinjira ta m'makomo, khonde lililonse lili ndi mbaula. Pena mayi wawerama pamafuwa akuuzira nkhuni zaziwisi, mwana ali kumbuyo, onse awiri maso ali psuu. Mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo utsiwo umathera m'zifuwa za amayi ndi ana. Nyengo yozizira ino ena amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mazenera kuti aothe. Mpweya wa makala sununkha, ndipo wapha anthu ali m'tulo.

Sikuti anthuwa safuna zabwino. Pakhomo pena ndinaona chitetezo mbaula, ija ya dothi yosadya nkhuni zambiri, imene boma linkailimbikitsa pamene linkafuna kuti mbaula zamakono 2 miliyoni zifike m'makomo pofika 2020. Mwini wake amaisamala kwambiri. Chapafupi mnyamata wina amaumba mabriketi a utuchi ndi mapepala, n'kuwayanika padzuwa. Ogula amadandaula kuti phulusa limachuluka ndipo moto wake suchedwa kuzirala, pamene nyemba zimafuna moto wa maola angapo. Gasi amamusirira aliyense, koma silinda ndi chitofu chake zimafuna ndalama yankhaninkhani pakamodzi. Za magetsi ndisanene zambiri: mabanja ambiri kuno alibe, ndipo amene ali nawo amasungabe makala poopa kuzima mphika uli pamoto.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Kungotsetsereka phiri kupita ku Chikwawa, kampani ya PressCane imatcheza ethanol kuchokera ku zotsalira popanga shuga, ndipo ina ili ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Dziko lino lakhala likusakaniza ethanol ndi petulo kuyambira 1982. Mafuta omwewa amayaka moto wabuluu, wopanda utsi, wosadetsa poto ndi mwaye. Galimoto zathu zakhala zikuwamwa kwa zaka zoposa 40, koma mumsika wonsewu sindinaone benchi ngakhale limodzi lowagulitsa kwa mayi wophika.

Mafutawa atati afike kuno, chitofu chake chikhale cholimba, choti mphika usagwedezeke mthiko ukamavundula nsima, ndipo chilipiridwe pang'onopang'ono. Mafutawo athiridwe mankhwala owawa kuti asamwedwe ngati kachasu, kenako apimidwe pang'onopang'ono monga apimira mafuta ophikira m'timachubu, pamtengo wosaposa wa kamulu ka makala.