Ku Mulanje, Kumene Anthu Athamanga pa Phiri

Munthu wocokera ku Chipata akaoloka malire pa Mwami, napitirira Lilongwe ndi Blantyre, aona mapiri ambiri m'njira, koma akafika ku Mulanje amayamba waima kaye. Kuseri kwa minda ya tiyi, yoyalidwa ngati mphasa, kwaima cimwala cotuwa, mutu wace uli m'mitambo. Nsonga yace yaitali koposa, Sapitwa, ifika mamita 3,002. Kuti timvetse bwino, tikumbukire kuti mapiri a Mafinga, omwe ndiwo atali m'Zambia muno, safika mamita 2,400. Kanjala wathu wa ku Chipata pamenepo angooneka ngati culu.

Tsono, awerengi okondedwa, pa phiri lotere pali anthu amene amapikisana liwiro. Mpikisanowo uchedwa Porters' Race, ndiko kunena mpikisano wa amtengatenga, pakuti pamene unayamba m'zaka za m'ma 1990 unali wa anyamata onyamula katundu wa alendo ndi owaonetsa njira. Lero alowamo amuna ndi akazi, eni dziko ndi alendo omwe. Ucitika m'cisanu, kawirikawiri mwezi wa July. Othamanga anyamukira pa Likhubula m'tsinde mwa phiri, nakwera kufika ku cidikha ca Chambe, nadutsa pamwamba kulinga ku Lichenya, ndi kutsikiranso pa Likhubula pomwepo. Ndi mtunda wa makilomita oposa 20. Mlendo woyenda mwaulemu amatha maola atatu kapena anai kuti angofika ku Chambe kokha, koma akatswiri amazungulira njira yonseyo m'maola awiri ndi mphindi zocepa. Ena mwa iwo amathamanga opanda nsapato.

Kodi miyendo yotere aitenga kuti? Yankho lioneka m'njira momwemo tsiku liri lonse. Wamtengatenga akwera ndi cikwama ca mlendo kumsana, nagona pamwamba, natsika, mawa lace nakweranso ndi mlendo wina. Amai atsika ndi mitolo ya nkhuni. Ndipo kwa zaka zambiri alendo akhala akupatukira amuna osenza matabwa atali pa nkhata, akutsika ndi kaliwiro kakang'ono pa miyala pomwe mlendoyo apita cokwawa. Palibe mmodzi wa iwowa amene angati ali kukonzekera mpikisano. Ali pa nchito yofuna cakudya ca ana. Komatu zomwe aphunzitsi a masewera amalamula ophunzira ao, kukwera kawirikawiri, kukhala maola ambiri pa miyendo, kunyamula colemera, anthuwa azicita kuyambira ubwana. Edson Kumwamba, mwana wa ku Mulanje komweko, anapita kukagwira nchito ku South Africa, nachuka m'mipikisano ya m'mapiri a ku Cape Town, mpaka anakathamanga ku Mont Blanc ku Ulaya.

Wothamanga wa m'cigwa, wozolowera mseu wa tala, amadabwa poyamba ndi cikweza. Kucoka pa Likhubula kufika ku Chambe munthu akwera mamita pafupifupi 1,000, ndipo odziwa masewerawa amawerenga kuti mamita 100 ali onse okwera alemera ngati kilomita inanso ya pansi posalala. Pamalo potsetsereka kwambiri ngakhale akatswiri sathamanga ai. Amawerama, naika manja pa maondo, nakankha mwendo uli wonse ndi dzanja, mapazi afupiafupi. Amene acita manyazi kuyenda, nafuna kuonetsa anthu kuti iye ndi wothamanga, mpweya umamthera asanafike pakati. Akulu anati liwiro la mumcenga nkuyambira limodzi, koma la paphiri ndi lina: amene atsogola pa mtsinje woyamba sindiye kawirikawiri abwerera woyamba.

Koma kunena zoona, mpikisano wa ku Mulanje umagamulidwa potsika. Ambiri aganiza kuti kutsika ndiko kupumula, ndipo apa ndi pamene anyengedwa. Potsika, minofu ya kutsogolo kwa nchafu igwira nchito ya mabuleki: phazi liri lonse likatera, iyo ilimbana ndi thupi lonse kuti lisagwe cafufumimba, ndipo m'kulimbanako imang'ambika pang'onopang'ono m'kati. Mtima ndi mapapo zingakhale bwino ndithu, koma miyendo iyamba kunjenjemera ngati ya mwana wa mbuzi wongobadwa. Ululu weniweni subwera tsiku lomwelo. Umadza mawa lace kapena mkuja, pamene munthu alephera ngakhale kukhala pa mpando. Mankhwala ace ndi amodzi, ndiwo kutsika komweko. Thupi likalawa mtsetse kamodzi, limadzimanga, ndipo ulendo waciwiri ululu ucepa. Cotero wokonzekera bwino asankha tsiku limodzi pa sabata, kapena pa masabata awiri, lophunzira kutsika, kuyambira pa mtsetse waufupi.

Palinso luso la maso. Wosazolowera ayang'ana pa zala zace, naweramira kumbuyo cifukwa ca mantha, naponda ndi cidendene. Akatero pa thanthwe lonyowa, aterereka basi. Mnyamata wa ku Likhubula ayang'ana mapazi atatu kapena anai kutsogolo, thupi liri cire, manja ali tambalale ngati mapiko, ndipo phazi lace silikhalitsa pa mwala. Luso limeneli siligulidwa pamodzi ndi nsapato za mtengo wapatali. Ndikhulupirira kuti mlendo wofuna kulowa mpikisanowu angapindule koposa atalipira wamtengatenga mmodzi kuti amtsate pambuyo kwa masiku angapo, maso ali pa mapazi ace.

Nanga amene kwao kulibe phiri lalikuru? Iwo amatenga kaphiri komwe ali nako, monga Kanjala kapena Mphangwe wa ku Katete, nakwera ndi kutsika kasanu kapena kakhumi. Kamodzi pa sabata amayenda ulendo wautali wa maola atatu kapena anai, osafulumira, akuphunzira kudya ndi kumwa ali m'njira, pakuti mimba nayonso imafuna kuzolowera. Amaonjeza mtunda pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, ndipo sabata lomariza amapumula.

Cinthu cimodzi cimene kaphiri ka kwathu sikangaphunzitse ndico nyengo ya pamwamba. Mamita 1,000 ali onse munthu akakwera, kutentha kutsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo m'miyezi ya June ndi July udzu wa pa zidikha umadzuka utayera ndi cisanu. Kuli ciperoni, nkhungu ya mvula yowaza yocokera ku Mozambique, imene ikafika munthu saona ngakhale mnzace wa patsogolo. Eni dziko ali ndi nkhani zambiri za mizimu ya pa Sapitwa, ndipo dzina lenilenilo liri cenjezo. Mlendo angaseke nkhanizo, koma mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womperekeza nakwera yekha, ndipo anampeza atafa ndi kuzizira. Wophunzira kuthamanga pamwambapo sapita yekha, ndiponso sasiya covala cofunda ngakhale kumwamba kuli mbee.

Matabwa aja, amene analimbitsa makosi ndi miyendo ya amuna ambiri, ali ndi mbiri yowawa. Ambiri anali a mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wonunkhira wosadyedwa ndi ciswe, umene sumera wokha kwina kuli konse pa dziko lapansi, ndipo ndiwo mtengo wa fuko la Malawi. Oceka anaudula mobisa ndi poyera, moto nuononga mbande zace, kotero kuti ofufuza a mu 2017 anapeza mitengo ikuruikuru isanu ndi iwiri yokha. Mu 2025 bungwe la UNESCO linalemba phirili m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse, mikungudza yakale itapita kale. Tsopano mbande zimafesedwa m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, ndipo nyengo ya mvula ikafika zimakwera pamitu ya anthu, m'njira zomwe zija matabwa anali kutsikira. Zikabzalidwa, nchito yotsala ndi kulambula mikwasa kuzungulira malowo cirimwe cisanafike, pakuti moto wa tsiku limodzi utha kupsereza mbande za zaka zitatu.