Timakeke ta mazira ta ku Cyrildene ndi chigumu cha kwa Kasisi

Abale anga a kwa Kasisi ndi chigwa chonse cha Shire, kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka, ndikulemba kuchokera kuno ku Joni. Ndikufuna tikambirane za kachakudya kakang'ono kamene Matchaina amakatcha dan tat, ena n'kumati egg tart. Ndi kambale kopangidwa ndi fulawa, kokwana m'chikhatho, ndipo m'kati mwake amathiramo kasitadi wa mazira, mkaka ndi shuga, n'kuphika zonse pamodzi mu uvuni. Chimene chandichititsa kulemba n'chakuti, kupatula fulawa, zonse zimene zimalowa m'kachakudyaka zili pakhomo pathu. Mizimbe tili nayo, nkhuku ndi abakha tili nazo, ng'ombe ndiye zosayamba. Komabe mwana wa kwathu amakula mpaka kumeta ndevu asanalawepo chinthu chotere.

Kuno timakeke timeneti timapezeka ku Cyrildene, kum'mawa kwa mzinda wa Johannesburg, mumsewu wa Derrick Avenue. Kale Matchaina ankasonkhana ku Commissioner Street, m'kati mwa tawuni, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1990 obwera kumene anayamba kutsegula mashopu ndi malo odyera ku Cyrildene. Ambiri a ife amene timagwira ntchito m'mashopu a Matchaina cha ku Crown Mines timawadziwa malowa chifukwa mabwana amatituma kukagula ndiwo zamasamba ndi zakudya zakwawo. Inenso ndinayamba choncho, ndipo tsopano ndimapitako ndekha ndikalandira.

Ndikayerekeza zimene ndalawa m'mabekale osiyanasiyana, timakeke timeneti tili m'magulu atatu.

Gulu loyamba kambale kake n'kolimba pang'ono, kofumbutuka m'kamwa mofanana ndi bisiketi, ndipo kamamveka batala. Kasitadi wake ndi wachikasu chowala, wosalala pamwamba, wopanda banga lililonse. Aka sikavuta kunyamula, ungakwere nako takisi kakafika kosaphwanyika.

Gulu lachiwiri kambale kake n'kamagawomagawo, topyapyala tambirimbiri tosanjikizana. Wophika amakanya mitanda iwiri, wina wamadzi wina wamafuta, n'kukulunga wamafutawo m'kati mwa wamadziwo. Akatero amafutukula, kupinda, kufutukulanso, kupindanso kangapo. Ukaluma kamayoyoka, nyenyeswa n'kudzaza pamalaya. Kwa ine aka ndiye kokoma kuposa tonse, koma kamafuna kudyedwa kakadali kofunda. Kakagona kamanyowa, ubwino wonse n'kutha. Achimwene ndi achemwali athu achisilamu ochokera ku Mangochi ndi Machinga, ngakhalenso a mipingo yosadya nkhumba, chonde muzifunsa musanagule, chifukwa kaphikidwe kachikale ka gulu limeneli n'ka mafuta a nkhumba. Ena anasintha, amagwiritsa ntchito batala kapena majarini, koma ndi maso simungasiyanitse.

Gulu lachitatu ndi la ku Macau. Ili limadziwika ndi mawanga akuda pamwamba, ngati lapserera, koma ndi dala. Amaphika pamoto waukali kwambiri kuti shuga wa pamwamba apse pang'ono. Kasitadi wake ndi wonona, wa chikasu cha dzira chambiri ndi mkaka wamafuta. Mukapita kum'mwera kwa mzinda wa Johannesburg, ku Rosettenville ndi La Rochelle kumene kunakhazikika Apwitikizi, ena mwa iwo atachoka ku Mozambique dzikolo litalandira ufulu mu 1975, mukapeza kholo lake la kakeke kameneka, pastel de nata. Nako n'kotsekemera kwambiri ndipo ena amawazapo sinamoni. Abale amene munafikako ku Tete kapena ku Beira mwina munakaona m'mabekale a kumeneko.

Podziwa kakeke kabwino ndimayang'ana zinthu zitatu. Pansi pake pakhale pouma, posanyowa. Kasitadi azigwedera pang'ono ukakagwedeza koma asayenderere. Ukaduula pakati pasakhale timabowo, chifukwa timabowo timasonyeza kuti moto unachuluka, mazira anawira. Ndinaonanso kuti Mtchaina akafuna kuyamikira chakudya chotsekemera amati sichinachuluke shuga. Ife amene timathira masupuni anayi m'kapu imodzi ya tiyi, poyamba timaona ngati wophika anaumira, koma lilime likazolowera umayamba kumva dzira lenilenilo.

Mbiri ya kachakudyaka ndi imene inanditsegula maso. Ku Lisbon, ansembe a nyumba ya Jerónimos ankaphika timakeke ta chikasu cha mazira. Nyumba za ansembe zitatsekedwa mu 1834, luso lija linatuluka kunja, ndipo mu 1837 kunatsegulidwa shopu ya Pastéis de Belém imene ikugulitsabe mpaka lero. Kumbali ina, Angerezi anali ndi kasitadi wawo wophika m'kambale ka fulawa. Ophika a ku Guangzhou, kum'mwera kwa China, anatengera kwa Angereziwo cha m'ma 1920, kenako luso linawolokera ku Hong Kong. Kumeneko bekale ya Tai Cheong, yomwe inayamba mu 1954, inatchuka ndi kambale kofumbutuka kaja, mpaka bwanamkubwa womaliza wa Britain mumzindawo, Chris Patten, ankadziwika kuti ndi kasitomala wake. Ta mawanga tija tinabwera mochedwa: Mngerezi wina, Andrew Stow, anatsegula Lord Stow's Bakery pa chilumba cha Coloane ku Macau mu 1989, n'kusakaniza kaphikidwe kachipwitikizi ndi kakwawo.

Taonani zimene ophika a ku Guangzhou ndi Hong Kong anachita. Batala anali wodula, iwo n'kugwiritsa ntchito mafuta a nkhumba amene anali nawo kale m'khitchini. Mkaka wa ng'ombe watsopano unali wosowa, iwo n'kutenga wam'chitini n'kuwonjezera madzi a shuga. Sanadikire kuti akhale ndi zonse za Mzungu. Anatenga nzeru yokha, zotsalazo n'kudzaza ndi zakwawo, ndipo lero dziko lonse limati chakudyachi n'cha Matchaina. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife a kwa Kasisi mawuwa timawadziwa bwino. Mfumu Kasisi yoyamba, Ramakukan, anali Mkololo amene anafika m'chigwa muno ndi David Livingstone. Amang'anja, Asena ndi Akololo tinasakanikirana kalekale, ndipo ngakhale mandasi amene timawatenga ngati athuathu anachokera kugombe la Aswahili.

Tsopano ndiyerekeze kagwiridwe ka ntchito kuno ndi kumudzi, chifukwa kusiyana kwenikweni kuli pamenepo.

Kuno wophika saphika kamodzi. Amatulutsa thireyi imodzi, ikatha amaikanso ina, tsiku lonse. Makasitomala odziwa amafunsa nthawi imene ina ituluke, n'kudikira. Kwathu amayi amadzuka tambala woyamba, kukazinga mandasi onse a tsikulo, kudzaza ndowa, mwana n'kukakhala nayo pamsika kapena pasukulu mpaka dzuwa kupendeka. Si ulesi ayi. Nkhuni ndi makala n'zodula, mafuta ophikira n'ngodula, ndipo mayi yemweyo akuyembekezeka kumunda, kudimba ndi kumjigo. Mandasi, zitumbuwa ndi chigumu zimapirira kutentha kwa kwathu, n'chifukwa chake zinakhazikika. Kasitadi sangapirire. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, chakudya cha mazira ndi mkaka chikakhala m'ndowa maola ambiri chikhoza kudwalitsa anthu. Amene angafune kuyesa geni imeneyi kwathu ayenera kutengera Matchaina ndendende pa mfundo iyi: kuphika tochepa, kugulitsa nthawi yomweyo, ndi kusasunga totsala.

Kusiyana kwachiwiri ndi muyeso. Wophika wa kuno chilichonse amaika pasikelo, ndipo kasitadi amamusefa asanathire. Ukagula lero, ukagulanso mwezi wamawa, kukoma n'kumodzimodzi. Amayi athu amayesa ndi diso ndi dzanja, ndipo ena mwa iwo ndi akatswiri oti sikelo singawaphunzitse kanthu. Vuto ndi lakuti luso la m'dzanja limapita ndi mwini wake. Agogo anga ankaphika chigumu cha mgaiwa ndi nthochi chimene anthu ankachilondola kuchokera midzi ina, koma palibe aliyense wa ife amene analemba kuti ufa unali wochuluka bwanji, soda wochuluka bwanji. Lero timangochikumbukira pakamwa. Ku Belém achita zaka zoposa 180 akuphika chinthu chimodzi chifukwa muyeso anausunga n'kumapatsirana.

Kusiyana kwachitatu ndiko kumandiwawa mtima, ndipo ndi nkhani ya dzira. Kuno mwana wa Mtchaina amadya dzira pafupifupi tsiku lililonse, lowiritsa, la mumsuzi, kapena la m'kakeke. Kwathu dzira ndi ndalama ya mchere ndi sopo, kapena ndi nkhuku ya mawa imene sitifuna kuidya isanaswedwe. Likaphikidwa limapita kwa mlendo kapena kwa abambo. Pamwamba pa izo pali zimene tinauzidwa tili ana, zoti mayi woyembekezera akadya mazira adzabereka mwana wopanda tsitsi, ndi zoti mwana akadya mazira adzadwala khunyu. Amayi anga ndi apongozi anga, ndikunena mwaulemu wonse: zimenezi si zoona. Alangizi azaumoyo akhala akutiuza kuti dzira lili m'gulu la zakudya zomanga thupi, zimene mwana ndi mayi woyembekezera amazifuna kuposa wina aliyense pakhomo. Chomwe chimatilanda mazira kwenikweni ndi chitopa, chimene chimasesa makola nyengo yotentha ikafika, pomwe katemera wake wodontheza m'diso alipo kwa alangizi a ziweto. Abakha, amene ndi ambiri m'midzi ya m'mbali mwa Shire, kawirikawiri chitopa sichiwapha, ndipo mazira awo ndi aakulu, a chikasu chambiri, abwino zedi pa kasitadi. Matchaina amawalemekeza mazira a bakha, ife timawanyoza.

Za mkaka ndi shuga nkhani yake ndi yofanana. Chikwawa ndi Nsanje ng'ombe n'zambiri, koma timaziweta ngati chuma ndi nyama yopita ku Blantyre. Za mkaka wambiri zili kumtunda, ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje. Shuga akupangidwa ku Nchalo kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo alimi a ku Kasinthula ndi Phata amalima mizimbe yawo n'kumagulitsa kufakitale. Magetsi akupangidwa pa Kapichira, pafupi ndi kwathu penipeni, koma nyumba zambiri za kumudzi zilibe, choncho uvuni wamagetsi tiuiwale kaye. Zonse zimachoka kwathu zili zosaphika, phindu la kuphika n'kukadyedwa kwina.

Koma uvuni tili nawo kale, ndi womwe uja wa chigumu: poto, moto pansi, makala pachivundikiro. Ndinayesa pambaula kuno kumene ndimakhala ndipo zinatheka. Pa kambale, tengani fulawa kapu imodzi ndi theka, majarini theka la kapu, shuga supuni ziwiri ndi dzira limodzi. Fikisani majarini mu fulawa ndi zala, thirani dzira, umbani mtanda osaukanya kwambiri. Kukatentha, gwirani ntchitoyi m'mamawa majarini asanasungunuke. Gawani mtandawo pa 12, n'kuumata mopyapyala m'tizitini tating'ono kapena m'makapu achitsulo opaka mafuta. Pa kasitadi, sungunulani shuga masupuni aakulu asanu m'madzi otentha osadzaza kapu, adikireni azizire, menyani mazira atatu pang'onopang'ono osachita thovu, sakanizani ndi madzi aja ndi theka la kapu ya mkaka wowiritsa. Wa ng'ombe, wa mbuzi kapena waufa wosungunula, wonse ukugwira. Sefani, thirani m'timbale tija osadzazitsa. Pansi pa poto yalani mchenga woyera wouma kuti moto usalume malo amodzi, sanjani tizitini pamwamba pake, vundikirani. Makala a pansi achuluke kuposa a pamwamba, chifukwa kambale kamafuna moto koma kasitadi amafuna kufatsa. Pakatha mphindi 20 mpaka 30, bayani kamtengo koyera pakati. Kakaima chilili, zapsa.

Mazira anayi afikira pakamwa pa anthu 12. Sindikunena kuti kakeke kamodzi kangathetse kunyentchera, ndiponso shuga wambiri si wabwino kwa aliyense. Ndikunena kuti mwana amene walawa dzira osadwala, amayi ake akuona, mawa adzapatsidwa lathunthu lowiritsa. Ndikunenanso kuti mayi wa banki m'khonde amene ali ndi abakha khumi angapeze zambiri pogulitsa timakeke totentha m'tiyirumu ya pa Dyeratu kapena pa Boma tsiku lamsika, kusiyana ndi kugulitsa mazira osaphika kwa mavenda.

Ndipo musaope kusintha. Fulawa akadula, yesani kusakaniza ndi ufa wa mapira kapena wa mpunga. Yesani kufinyira nthochi yakupsa mu kasitadi n'kuchepetsa shuga. Zina zidzakanika, zina zidzakoma kuposa za ku Cyrildene. Chimene ndikupempha n'chimodzi: chilichonse chimene mwayesa, lembani muyeso wake m'kope, makapu angati, masupuni angati, moto wotani, ndipo mulembenso wa chigumu ndi zitumbuwa za agogo amene akadali moyo. Abambo anzanga, ifenso tili ndi mbali yathu. Tigule katemera wa chitopa nyengo yotentha isanafike, ndipo dzira likaphikidwa pakhomo, liyambe lafika m'mbale ya mwana ndi ya amayi oyembekezera. Amene muyese, mundiuze zimene mwapeza, makamaka inu amene muphike ndi mazira a bakha.