Denga la Galimoto Yakale

Bambo wina wa ku Zomba anasiyiridwa ndi atate ake galimoto ya Volkswagen Beetle ya chaka cha 1965. Mtundu wakalewu analeka kuupanga mu 2003, ku Mexico, kotero amene ali nayo amaisunga ngati mbewu. Injini inali yamoyo ndithu, koma nsalu ya kunsi kwa denga inali itatha, nilendewera kufikira pamutu pa woyendetsa.

Nsalu yotere siimatidwa ku chitsulo cha denga ayi. Imapachikidwa pa timitanda tachitsulo topindika ngati uta, tolowa m'matumba osokedwa kuseri kwake. Guluu amapaka m'mphepete mokha, ndipo magalasi ayenera kuyamba achotsedwa, pakuti nsaluyo imapindikira pansi pa mphira wake.

Bamboyo analakwa poyamba pomwe. Pochotsa nsalu yakale anaunjika timitanda tonse pamodzi osaika zizindikiro, poyesa kuti n'tofanana. Koma chitsulo chimene chakhala zaka zambiri pamalo amodzi chimapindika monga mwa malo akewo. Masiku awiri anakhala akutisinthanitsa, nsalu yatsopano ili makwinya okhaokha, ndipo ndalama zogulira ina analibe. Tsono anatenga sizasi kuti aichepetse.

Mkazi wake, amene ali telala, anamgwira dzanja. "Inu bambo, musadule kanthu isanakungike."

Timitanda titapeza malo ake, anaiyanika nsaluyo padzuwa kuti ifewe, nayamba kuikoka pang'onopang'ono kuchokera pakati kunka m'mbali, akugwiriza mphepete ndi zopanira zovala. Madzulo a tsiku lachitatu inakungika ngati chikopa cha ng'oma, ndipo mayiyo anabweza sizasi kwa mwamuna wake.