Kalata kwa mphwanga wowotcherera zitsulo ku Lundazi

Mphwanga,

Ndakondwa kumva kuti tsopano ukuwotcherera ngolo ndi mafelemu a zitseko pa boma. Unandifunsa chifukwa chake chitsulo chokokera ngolo chimathyoka pamalo owotcherera, chikhalirecho pakuoneka posalala. Funso lomwelo linasowetsapo tulo akatswiri a kunja.

Mu 1901 Mfalansa wina, Georges Charpy, anafotokoza njira yoyesera kulimba kwa chitsulo chikamenyedwa mwadzidzidzi. Lero amatenga kachitsulo kotalika mamilimita 55, n'kukacheka pakati kamzera kozama mamilimita 2. Nyundo yolendewera imagwa, kukathyola, n'kupitirira kukwera mbali inayo. Ikakwera kwambiri, ndiye kuti chitsulocho changogonja. Ikakwera pang'ono, chalimbana nayo.

Phindu la njirayi linaonekera bwino pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pakati pa 1941 ndi 1945 dziko la America linapanga sitima zapamadzi 2,710 za mtundu wa Liberty, ndipo pofuna changu anaziwotcherera m'malo mokhomerera ndi misomali yachitsulo monga kale. Zina zinayamba kung'ambika panyanja. Mu Januwale 1943 sitima yonyamula mafuta yotchedwa Schenectady inathyoka pakati itangoima padoko ku Portland, madzi ali bata. Zala zinaloza owotcherera. Koma mayi Constance Tipper wa ku Cambridge anaonetsa kuti chitsulo chenichenicho chikazizidwa kwambiri chimasiya kupindika, chimangosweka ngati mbiya. Mng'alu unkayambira pangodya zakuthwa kapena powotcherera polakwika, ndiye poti sitima yonse inali chitsulo chimodzi, panalibe polumikizira poti mng'aluwo ukaimepo. Kuchokera apo malamulo opangira sitima anayamba kufuna mayeso a Charpy.

Usaganize kuti zimenezi zikuyeretsa wowotcherera. Mu 1980 nsanja ya ogwira ntchito zamafuta yotchedwa Alexander Kielland inagubuduka panyanja ku Norway, anthu 123 n'kufa. Mng'alu unayambira pa kamalo kowotcherera ka mamilimita 6 okha. Nkhani imeneyi imandiwawa nthawi zonse ndikaikumbukira.

Chisanu cha mu Juni ku Lundazi sichingafike pa cha nyanja zija. Adani ako iwe ndi malodi achinyezi, zinyalala zotsekeredwa m'kati, moto wochepa wosalowerera, ndi kamkwasa kotsalira m'mphepete mwa powotcherera. Makina a Charpy ulibe, koma vayisi uli nayo. Lumikiza zidutswa ziwiri, cheka kamzera ndi sowo pomwe wawotchererapo, pana mu vayisi, menya ndi nyundo mpaka zithyoke. Kenako yang'ana pothyokapo. Ukaona timabowo, madontho akuda kapena mbali yosasungunuka, ngolo ya mwini wake usaikhudze mpaka utakonza dzanja lako, chifukwa idzasenza matumba a chimanga, mwana ali pamwamba.

Undilembere zimene upeze. Upereke moni kwa amayi.

Ine mkulu wako.