Kope la Usiku

M'nyumba mwathu muli mtsikana amene sagona msanga. Anzake akapita kumphasa, iye amatsala ndi kope ndi cholembera. Tamdzudzula kangapo kuti akutha kandulo pachabe. Tsiku lina anayankha mwaulemu nati: "Bambo ndi mayi, osindikiza mabuku adzandipeza ngati mmene adampezera Julie Powell."

Nkhani ya mayi ameneyu ndi yoona. Iye adali mlembi mu ofesi ku New York. M'chaka cha 2002 adadzipatsa ntchito yophika zakudya zonse 524 za m'buku la Julia Child pa masiku 365, namalemba zimene zidali kumchitikira kukhitchini, zopserera ndi zokoma zomwe. Owerenga atachuluka, kampani ya Little, Brown idapangana naye, ndipo buku lidatuluka mu 2005.

Usiku umenewo ife sitidagone. Tidaopa kuti mwana wathu angayambe kulembera ndalama ndi kutchuka, pakuti amene mabuku ao amasindikizidwa ndi owerengeka, ndipo mtima wodikira pachipata chosatsekuka umawawa. Koma tidaopanso kukwirira ndi dzanja lathu mphatso imene Mulungu adampatsa.

Tsono tidakumbukira Tereza Woyera wa ku Lisieux. Mu 1895 adayamba kulemba za ubwana wake m'kope wamba chifukwa chomvera mkulu wa nyumba ya asisteri, amene adalinso mkulu wake wa bere limodzi. Adamwalira mu 1897 ali ndi zaka 24, osaonako buku lake. Chaka chotsatira mabuku 2,000 adasindikizidwa, ndipo mpaka lero anthu akuliwerenga m'zinenero zambiri.

Akazi awiriwa adasiyana kutali, koma pa chinthu chimodzi adalingana: osindikiza adapeza ntchito itagwiridwa kale, tsamba ndi tsamba, pamene panalibe pangano lililonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

M'mawa mwake tidamuitana mwana uja. Sitidamlonjeze kuti osindikiza adzabwera, pakuti zimenezo sitingazidziwe. Tidangomuuza kuti alembe zoona, alembe bwino, ndipo pangano likadzafika asadzasainire asanalimvetse. Kenaka tidampempha kuti atiwerengere tsamba limodzi. Adawerenga za agogo ake akupeta chimanga, ndipo tidazindikira ndi manyazi kuti owerenga ake oyamba adayenera kukhala ife.

Abale, ngati kwanu kuli mwana wotere, mugulireni kandulo ina.