Makiyi a nyumba ya kampani

Amene mumandifunsa kuti "kodi ku Canada kwanuko n'kufupi ndi Toronto?" ndikuyankheni kamodzi: ayi. Ukafika ku Vancouver umakweranso ndege ina yaing'ono kukatera ku Terrace, kenako galimoto pafupifupi ola lathunthu, uku nkhalango uku nkhalango, mpaka msewu kuthera m'nyanja. Pamenepo ndiye pa Kitimat. Anthu tilipo 8,000 ndi kanthu, mvula yake ilibe dzinja kapena chilimwe, ndipo dzina la malowa limanena za anthu a m'chipale chofewa. Chaka changa choyamba ndinkadzifunsa kuti munthu wanzeru zake anamangiranji tawuni kuno. Kulibe mgodi, kulibe minda. Ngakhale dothi lopangira aluminiyamu, amene ndiye moyo wa tawuniyi, silikumbidwa kuno. Ufa wake woyera umabwera pa sitima, kale kuchokera ku Jamaica, masiku ano makamaka ku Australia.

Chimene anatsata ndi magetsi. Ufa uja amauthira m'mapoto akuluakulu otentha madigiri oposa 900, n'kudutsitsamo magetsi usana ndi usiku kuti chitsulo chilekane ndi zina zonse. Magetsi akangozima kwa maola angapo, zamkatimo zimauma gwa, poto n'kuwonongeka. N'chifukwa chake fakitale yotere imalondola kumene kuli magetsi ambiri, otchipa, osazimazima, ngakhale kukhale kumapeto kwa dziko. Ife amene tinakulira pa kandulo ndi mbaula tingamvetse msanga chifukwa chake kwathu nkhani imeneyi imathera pakamwa.

Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Mwa amene ndimawasambitsa ndi kuwadyetsa muli agogo ena achipwitikizi ochokera ku zilumba za Azores, amene anafika kuno ali mnyamata m'zaka za m'ma 1950. Maso akuchita chidima, mayina a zidzukulu amawasokoneza, koma m'kabati ya pambali pa bedi amasunga makiyi a nyumba imene anagula ali pantchito. Nyumbayo akukhalamo mwana wawo, loko anasintha kalekale, koma makiyi akalewo sakufuna kuti munthu awakhudze. Tsiku lina akundionetsa, mtima wanga unathawira ku Thyolo. Ndibwerako kumeneko.

Kampani ya Alcan inayamba ntchito kuno mu 1951. Mtsinje wa Nechako unkapita kummawa kukathira mu Fraser. Iwo anautseka ndi damu la Kenney, mulu wa miyala ndi dothi wotalika mamita 97, lomwe linatha mu 1952, madzi n'kubwerera m'mbuyo cha kumadzulo. Kumeneko anaboola phiri la DuBose, ngalande ya makilomita 16 mkati mwa thanthwe, kuti madzi akagwe pafupifupi mamita 800 n'kuzungulitsa makina amene anawaika m'phanga losema m'phirimo, pamalo otchedwa Kemano. Kuchokera apo nthambo za magetsi zinayenda makilomita 82, kukwera mpata wa Kildala kumene chipale chimakwirira nyumba, kudzafika ku Kitimat. Pa 3 August 1954 Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth, analipo pamene chitsulo choyamba chimatuluka. Mu January 1955 chipale chinagumuka n'kukokolola nsanja za nthambo zija, moti amisiri anachita kumangirira zingwe zachitsulo kuchoka phiri lino kukafika linalo, nthambo n'kumalendewera m'malere. Kemano yekhayo amapanga magetsi oposa kuwirikiza kawiri a Nkula, Tedzani ndi Kapichira mutawaphatikiza. Onsewo anawakonzera fakitale imodzi.

Koma ine chimene chimandikoka ndi anthu ake. Oyambirira anali amuna okhaokha: Apwitikizi, Ajeremani, Ataliyana, Agiriki, ambiri othawa umphawi umene nkhondo inasiya ku Ulaya, pamodzi ndi a kuno konkuno. Msewu kunalibe, njanji inafika mu 1955, msewu wopita ku Terrace mu 1957. Ankabwera pamadzi kapena pa tindege totera panyanja. Pogona panali posowa moti kampani inakoka sitima yakale yotchedwa Delta King, imene inkanyamula anthu pa mtsinje wa Sacramento ku California, n'kuikocheza pagombe kuti ikhale chigono cha antchito kuyambira mu 1952. Agogo achipwitikizi aja amati matope ankalowa m'jombo, zovala zosauma sabata yonse, ndipo m'chipinda chimodzi mumamveka zilankhulo zinayi, aliyense kutukwana m'chakwawo. Mkati mwa fakitale munali utsi wa phula ndi moto wowawula nsidze. Ambiri ankangopirira miyezi ingapo, akapeza kandalama n'kukwera sitima osabweranso.

Izi si zachilendo kwa ife. Agogo anga aamuna anapita ku Joni pa Wenela, kukagona m'komboni ya amuna okhaokha pa mabedi a simenti. Ena anabwera ndi njinga ndi wailesi, ena anasanduka matchona. Mpaka ndege ija inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa Wenela, dongosolo linali lomwelo: tikufuna manja ako, mkazi ndi ana asiye kumudzi.

Apa ndiye pamene Alcan inapatuka, ndipo si chifukwa cha chifundo ayi. Inawerengera n'kuona kuti munthu wodziwa kusamala mapoto aja satheka kumuphunzitsa mwezi umodzi, ndipo akachoka ndi ndalama zatayika. Mwamuna sakhazikika kumene mkazi wake akukana. Choncho anaitana katswiri wokonza mizinda wa ku New York, Clarence Stein, kuti ajambule tawuni yoti mabanja aikonde. Anaiika kutali ndi utsi wa fakitale, naigawa m'madera, Nechako, Kildala, kenako Whitesail, lililonse ndi sukulu yake. Kuseri kwa nyumba kuli tinjira ta oyenda pansi todutsa m'kapinga, kuti mwana apite kusukulu osalimbana ndi magalimoto. Mpaka lero ndimayenda m'tinjira timeneti popita kuntchito. Ankayembekeza anthu 50,000, chiwerengero chimene sichinafikepo. Koma zinthu ziwiri ndi zimene ndimazitenga zazikulu. Mu 1953, fakitale isanayambe n'komwe, Kitimat inakhala ndi khonsolo yakeyake. Ndipo kampani inathandiza antchito kupeza ngongole kuti nyumba azigula, zikhale zawo.

Tsono nayi nkhani ya ku Thyolo. Bambo anga anagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi zaka zoposa makumi awiri, kuyambira kuthyola masamba mpaka ukapitawo. Makolo awo anali Alhomwe amene anadutsa malire kuchokera ku Mozambique, alendo ofuna ntchito monga agogo a ku Azores aja, n'kugwa m'manja mwa thangata. Ife tinabadwira m'malayini: zipinda ziwiri, khitchini panja, mpopi umodzi mzere wonse. Sindinganame, zabwino zinalipo. Chipatala chinali pafupi, sukulu inalipo, nkhuni sitinkasowa, ndipo anzathu a m'midzi yozungulira ankatisirira. Mayi anadzala mapeyala awiri ndi nthochi kuseri. Koma tsiku limene bambo anapuma ntchito, kalata yowathokoza inabwera pamodzi ndi tsiku lotulukira m'nyumba. Ndinawaperekeza ku ofesi kukabweza makiyi. Kalaliki anawalandira, nalemba m'buku, nawapachika pa msomali, basi. Tinakweza katundu pa thirakitala kupita kumudzi kwa mayi, kumene bambo anakafika ngati mkamwini watsopano ali ndi imvi, kupempha pomanga. Mapeyala aja akudya ena.

Musandimve molakwa, sindikuti pa esiteti paja panachitika zosemphana ndi malamulo. Ndi mmene zimakhalira pafupifupi paliponse kwathu pamene nyumba ndi ya ntchito: m'minda ya tiyi, m'minda ya nzimbe, kupolisi, ngakhale nyumba za aphunzitsi. Nyumba imabwera ndi ntchito ndipo imapita ndi ntchito. Zotsatira zake n'zakuti munthu amakhala zaka makumi atatu pamalo osadzalapo mtima. Sakonza khomo, sadandaula mokweza za madzi kapena chimbudzi, chifukwa amene angamudandaulire ndi yemweyo angamuchotse ntchito, ndipo kuchotsedwa ntchito ndi kugona panja usiku womwewo. Kuno antchito a fakitale anapanga bungwe lawolawo mu 1972, mu 1976 ananyanyala ntchito mpaka apolisi anachita kubwera ambiri kudzachotsa anthu pamsewu, ndipo mu 2021 ananyanyalanso kwa miyezi iwiri ndi kanthu. Ine ndimati kulimba mtima kumeneko gwero lake lina ndi denga. Munthu amene akudziwa kuti madzulo akagona m'nyumba yake amalankhula mosiyana ndi amene makiyi ake ali ndi msomali wowadikira ku ofesi.

Komabe ndisakupakeni mafuta pakamwa ngati kuno ndi kumwamba. Pamene ankatseka madzi aja, panali anthu a mtundu wa Cheslatta amene ankakhala m'mbali mwa nyanja ya dzina lomwelo. Mu April 1952 anawauza kuti asamuke, kuwapatsa masiku owerengeka. Atachoka, nyumba zawo zinatenthedwa. Manda awo anamira, ndipo kwa zaka zambiri madzi akasefukira mafupa a makolo awo ankapezeka m'mbali mwa nyanja. Inu mukudziwa chimene manda ali kwa ife, sindikufunika kuwonjezera. Zaka zomwezo, kwathu uko m'nthawi ya chitaganya, Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa cha Zambezi kuti damu la Kariba limangidwe. Ndiye kuti tawuni yokongola ya tinjira ta ana asukulu inamangidwira alendo ochokera ku Ulaya, pamene eni nthaka ankakwezedwa katundu pamutu. A Haisla, eni ake a gombe lino, mudzi wawo wa Kitamaat uli patsidya, kuyang'anizana ndi fakitale. Kansomba kawo kamafuta kotchedwa oolichan, kooneka ngati usipa wonenepa, kamene ankaphikira mafuta kuyambira kalekale, kanachepa kwambiri mu mtsinje wa Kitimat mafakitale atachuluka.

Ndipo ku Kemano, kumene kuli makina a magetsi kuja, kunalinso kamudzi ka antchito ndi mabanja awo, sukulu ndi sitolo. Kumeneko nyumba zinali za kampani. M'chaka cha 2000 anaona kuti makina atha kuyenda ndi anthu ochepa obwera mosinthana, kamudziko n'kutsekedwa. Nyumba zake anazipereka kwa ozimitsa moto kuti aziyatsa n'kumaphunzirirapo ntchito. Kampani imodzi, ntchito imodzi, midzi iwiri: wina ulipo, wina ndi phulusa.

Ngakhale nyumba yakoyako ili ndi msampha wake. Fakitale ya mapepala ya Eurocan itatsekedwa mu 2010, patangopita zaka zochepa chitsekereni ya Methanex, anthu anafuna kuchoka koma wogula nyumba kunalibe. Rio Tinto, imene inagula Alcan mu 2007, inamanganso fakitale mwatsopano n'kumaliza mu 2015: chitsulo chochuluka, matani oposa 400,000 pachaka, utsi wa phula uja kutha, koma manja ofunika ochepa kuposa kale. Ndipo chimene chinandiseketsa chomvetsa chisoni ndi ichi: pamene amamanga doko lalikulu la gasi la LNG Canada, antchito ake anawamangira malo ogona anthu 4,500 pafupi ndi ntchito, kubwera pa ndege, kugwira masabata angapo, kubwerera kwawo. Munali intaneti, munali malo olimbitsa thupi, chakudya chambiri. Ndinayang'ana n'kunena kuti iyi ndi komboni ya agogo anga, angoipaka penti.

Kwathu dothi la aluminiyamu lilipo, pamwamba pa phiri la Mulanje cha ku Lichenya. Linadziwika kale m'nthawi ya atsamunda, ndipo nthawi ndi nthawi nkhani yake imadzuka, anthu n'kuyamba kuwerengera ntchito. Ine monga mwana wa m'munsi mwa mapiri amenewo ndili ndi nkhawa zanga za madzi ndi mikungudza, ndiponso magetsi ake sindikuona kumene angachokere. Koma migodi ina ikubwera ndithu, ku Kasiya, ku Kangankunde, ku Kayelekera atsegulanso. Pamisonkhano ya mafumu ndi makampani timamva za chipukuta misozi, mijigo ndi midadada ya sukulu. Sindinamvepo wina ataimirira n'kufunsa kuti nyumba za antchito zidzakhala za yani, malo ake adzalembedwa m'dzina la yani, ndipo mgodi ukadzatha adzayendetsa mpopi ndi msika ndani. Mafunso amenewa sadikira kuti njerwa ziwotchedwe.

Mwezi watha ndinatumiza ndalama za malata omaliza a nyumba ya mayi. Bambo sanaione, anatisiya ili pa windo. Mchimwene wanga atandiimbira pa WhatsApp kundionetsa chitseko chatsopano, ndinamuuza kuti akadulitse makiyi atatu: ena a mayi, ena ake, ena anditumizire kuno. Anaseka, akuti kodi alongo mudzatsegula bwanji muli ku Canada. Ndinamuuza kuti angotumiza.